Mark sanathawe mkazi wake: yankho langa pa mathero a Severance

Achimwene, funso lanu lili pawiri ngakhale mwalilemba ngati limodzi. Mwafunsa ngati ndinu nokha amene mwaona kuti sizoni yachiwiri ya Severance, sewero la pa TV lokamba za antchito a kampani ya Lumon amene anagawidwa ubongo kuti munthu wa mkati mwa ofesi asakumbukire moyo wa kunja, ikuyenda mwaulesi mpaka kukuthererani bandulo pachabe. Kenako mwawonjezera kuti mathero ake akupsetsani mtima chifukwa Mark wasiya mkazi wake Gemma akumenya chitseko, iye n'kuthamangira Helly, mnzake wa mu ofesi. Pa loyambalo simuli nokha, ndipo pena ndikuvomerezana nanu. Pa lachiwirilo ndiye tisiyana. Amene simunamalize kuonera lekezani pompano, chifukwa ndiulula zonse.

Kudandaula za kuchedwaku kuli ndi pochokera. Sizoni yoyamba inatha mu Epulo 2022, Mark atangokuwa kuti mkazi wake ali moyo, basi chithunzi n'kuda bii. Yachiwiri inadzayamba pa 17 Januwale 2025, patapita zaka pafupifupi zitatu, mwa zina chifukwa cha sitiraka ya olemba mafilimu ndi ochita zisudzo ku America mu 2023. Munthu amene wadikira choncho amafuna mayankho tsiku lomwelo. Koma Apple TV+ inkatulutsa gawo limodzi pa sabata, magawo 10, mpaka pa 21 Malichi. Ndaona m'gulu muno kuti amene ankatsatira sabata ndi sabata ndi amene akudandaula kwambiri, pomwe anzathu amene anangotengera zonse pa fulashi n'kumaliza Loweruka ndi Lamlungu sakumvetsa n'komwe kuti phokosoli ndi la chiyani.

Gawo la 8 sindiliikira kumbuyo. Mayi Cobel, bwana wakale wa Mark pa Lumon, akupita kwawo ku Salt's Neck, kamudzi kozizira ka m'mbali mwa nyanja komwe fakitale ya Lumon inasiya anthu ali mbuu. Anakalijambula ku Newfoundland, ku Canada, ndipo malowo ndi okongola mochititsa chisoni. Koma mphindi 37 zonsezo tikungoonera mayiwa akuyendetsa galimoto, akutsuka mkamwa, akugona pabedi la malemu amayi awo, kuti kumapeto atiuze chinthu chimodzi: kachipangizo kogawa ubongo wa munthu kaja anakatulukira ndi iwowo, a Eagan, eni ake a Lumon, anangolanda dzina. Nkhani yake ndi yaikulu, koma anaiika pamalo olakwika, chifukwa sabata yathayo tinalinso kunja kwa ofesi. Chinanso chimene chinandinyansa ndi nkhani yolumikiza Mark wa mkati ndi wa kunja kuti akhalenso munthu mmodzi. Anaiyamba kumapeto kwa gawo la 3 ngati dziko litembenuka mawa lake, koma mpaka sizoni kutha sinafike paliponse. Apo olemba anatinyenga, tisabise.

Koma gawo la 7 nalonso ndi lochedwa, ndipo popanda ilo mathero amene akukupwetekaniwo sakanakukhudzani n'komwe. Analitsogolera ndi Jessica Lee Gagné, yemwe ntchito yake pa seweroli inali ya kamera. Ndi mmene tinaona Mark ndi Gemma akukumana, onse aphunzitsi a pakoleji, akukondana, akufuna mwana, mimba n'kuchoka. Tinaona Mark akuphwasula mwaukali kabedi ka mwana kamene anagula. Tinaonanso zimene a Lumon akhala akumuchita Gemma pansi paja: chipinda china kwa dokotala wa mano tsiku ndi tsiku, china kulemba makadi othokoza a Khirisimasi osatha, china m'ndege yogwedezeka. Chipinda chilichonse chili ndi Gemma wake amene sadziwa moyo wina kupatula kuzunzika kumeneko. Ndiye pamene m'gawo lomaliza anamulowetsa m'chipinda cha Cold Harbor n'kumuuza kuti aphwasule kabedi ka mwana, sipanafunike munthu wotifotokozera. Amene munadumpha gawo la 7 kapena munalionera pafoni muli m'minibasi ya ku 25 kondakitala akukufunsani chenji, munangoona mzimayi akumasula matabwa.

Tsopano za pachitseko paja.

Kunyumba kwathu ku Kawale nkhaniyi inavuta. Mark atangotembenuka, mayi akunyumba anaimirira pampando, n'kunena kuti, "Ndinadziwa ine. Amuna ndi choncho basi." Anakalowa kukhitchini osadikira mayina kuti adutse. Ndipo ndaona azimayi ambiri m'gulu muno alemba zofanana ndi zomwezo. Sindikuwaseka ayi. Dichen Lachman, Gemma wa m'seweroli, anasewera mwa mtundu wina pamenepo. Mzimayi wakhala m'manja mwa anthu aja zaka ziwiri, dziko lonse likudziwa kuti anafa pangozi ya galimoto, mwamuna wake wangomupsompsona kumene m'chikepe, ndiye akumuona kudzera pagalasi la chitseko akubwerera m'mbuyo kupita kwa mkazi wina. Amaitana dzina mpaka mawu kusasa. Ndani sangamve chisoni?

Koma amene anaima pachitseko paja si mwamuna wa Gemma. Sewero lonseli lamangidwa pa mfundo imeneyi kuyambira tsiku loyamba. Wogwira ntchito pa Lumon akalowa m'chikepe kupita pansi, kachipangizo ka mu ubongo kamadzutsa munthu wina amene sakumbukira kalikonse ka kunja. Sadziwa mayi ake, sadziwa kumene amagona, sanaonepo dzuwa likulowa. Mark wa mkati anabadwira patebulo la mu ofesi zaka ziwiri zapitazo. Gemma iye amamudziwa ngati Ms. Casey, mayi wolankhula mozizira amene ankapereka uphungu kwa antchito. Nkhaniyi itapita kwa ankhoswe, funso loyamba lingakhale lakuti anamanga banjali ndani, ndipo mnyamata wa mkatiyu angayankhe mosanama kuti pa chinkhoswepo panalibe iye. Thupi ndi lomwelo, inde, koma malonjezo anapanga ndi wina.

Bwererani koyambirira kwa gawo lomaliza, pamene awiriwa akulankhulana kudzera pa kamera ya vidiyo m'kanyumba koberekera kaja. Wa kunja akujambula uthenga ali pakhonde, akalowa m'nyumba amadzuka wa mkati n'kuonera, n'kuyankha. Anthu ambiri pamenepa ndi pamene anati sewero likuchedwanso, munthu akungolankhula yekha. Kwa ine ndi pamene panagona nkhani yonse. Wa kunja anayamba bwino, kupepesa, kulankhula mofatsa. Koma atafuna kusonyeza kuti akumvetsa za chikondi cha mnzakeyo, analakwitsa dzina la Helly, n'kunena kuti Heleny. Yang'anani nkhope ya Adam Scott, amene amasewera Mark, pamenepo. Munthu amene akukupempha kuti uike moyo wako pachiswe sanavutike ngakhale kusunga dzina la munthu mmodzi yekha amene umamukonda. Ndipo wa mkati anafunsa funso limene wa kunja analephera kuyankha bwino: Gemma akatuluka, Lumon ikagwa, ife a pansi pano tikhala kuti? Ukalumikiza munthu wa zaka ziwiri ndi wa zaka makumi angapo, wotsalayo adzakhala ndani?

Ngakhale zinali choncho, wa mkatiyo ntchito anaigwira. Izi ndi zimene okwiya ambiri akuiwala. Anamaliza fayilo ya 25, yomaliza pa ntchito yake ya pa Lumon, anakasaka njira yopita pansi, Drummond, mmodzi wa akuluakulu a Lumon, anatsala pang'ono kumupha ndi manja pakanapanda mayi wosamalira mbuzi za Lumon uja. Atabwerera pamwamba anagwira dzanja la Ms. Casey, kuthamanga naye m'makolido onse aja mpaka pachitseko, n'kumunyengerera kuti atuluke. Chimene anamupempha anachita chonse. Chimene anakana ndi chimodzi chokha, kudutsa yekha pachitsekocho, chifukwa akudziwa kuti phazi likangoponda kunja iye wazima, ndipo palibe chifukwa choti wa kunja adzabwererenso ku Lumon kudzamudzutsa. Tikamanena kuti akanangotuluka basi, tikunena zomwe a Lumon akhala akunena nthawi yonseyi, kuti wa mkati ndi chipangizo, ntchito ikatha chibwezedwe kwa mwini wake. Tinakhala masizoni awiri tikudana ndi kampaniyo chifukwa cha maganizo amenewa, kenako pa mphindi yomaliza tonse tinawatola.

Ndiye mukati kuchedwa kunali kwachabe, ine ndimafunsa kuti mkwiyo wanuwo wachokera kuti. Sewero lothamanga likanatipatsa mbali imodzi yoti tiikonde, mwamuna apulumutse mkazi wake, tiombe m'manja tikagone. Apa anatenga nthawi kutikhazika ndi onse awiri, moti pachitseko paja aliyense wa ife anataya wina.

Pali kagulu kena kamene kakuti mkazi anaima kumapeto kwa kolido uja sanali Helly koma Helena Eagan, wa kunja wake, akunamiziranso, monga anachitira koyambirira kwa sizoni mpaka Irving, mnzawo wa mu ofesi, anamugwira m'gawo la 4. Umboni wawo ndi mmene anamuyang'anira Gemma. Britt Lower mwiniwake, amene amasewera Helly, ananena poyera kuti anali Helly, ndiye tiisiye imeneyo. Komanso akanakhala Helena, chisankho cha Mark chikanasanduka kupusitsidwa chabe, nkhani yonse n'kuchepa mphamvu.

Za bandi ya malipenga ndi ng'oma ya m'gawo lomaliza ija, amene mukuti inali nthabwala yotayitsa nthawi, pepani, ine ndinaseka mpaka ana anadzuka. Bambo Milchick, kapitawo wa antchito a pansi paja, kuvina patsogolo pa bandi ndi nkhope yosaseka, kenako kutsekeredwa m'chimbudzi Dylan, mnzake wa Mark, atatchinga chitseko ndi makina ogulitsira zakudya. Tramell Tillman analandira mphotho ya Emmy mu Seputembala 2025 chifukwa cha Milchick ameneyu, Britt Lower nayenso analandira yake, ndipo sindinamve aliyense akutsutsa. Za mbuzi ndiye ndikugwirizana ndi odandaula. Zaka zitatu tikuganiza zozama, kuti mwina akuyeserapo sayansi ina yoopsa, mapeto ake n'kupeza kuti amaziweta kuti azipereka nsembe.

Sizoni yachitatu anailengeza kale pa tsiku lomwe gawo lomalizali linatuluka. Chimene ndikufuna kuona si chakuti Mark ndi Helly akuthamangira kuti, chifukwa pansi paja palibe kothawira, makolido onse ndi a Lumon. Nkhawa yanga ili pa Gemma. Tonse tikulankhula ngati wapulumuka, koma tinamusiya pamasitepe a nyumba ya kampani yomweyo, alamu ikulira, ndipo palibe amene anamuona akutuluka pageti. Ngati mukufuna kuonanso musanakwiye kachiwiri, achimwene, onerani gawo la 7 kenako mulumphire pa 10 usiku womwewo, pa TV osati pafoni, tsiku loti magetsi alipo. Gawo la 8 mutha kulisiya, palibe amene akakufunseni.