Pakampasi zimatseguka, kunyumba akufuna madola

Mphunzitsi wina wa kusekondale ku Mchinji, amene akuchita digiri yake kudzera mu ODeL, maphunziro ochitira kutali ndi kampasi, wanditumizira imelo. Akuti ali kukampasi pa masabata ophunzira maso ndi maso, mapepala a kafukufuku ankatseguka bwinobwino pa Wi-Fi ya sukulu. Atabwerera kwawo, tsamba lomwelo likumuuza kuti alipire madola oposa 30 pa pepala limodzi. Akufunsa ngati wachotsedwa m'kaundula kapena ndi foni yake imene yavuta.

Aphunzitsi, simunachotsedwe, foni yanunso ili bwino. Ndipo ndalamazo musalipire, chifukwa n'kutheka kuti laibulale yanu inalipira kale.

Nkhani yake ndi iyi. Makampani osindikiza monga Elsevier, Wiley ndi Taylor & Francis, ngakhalenso JSTOR, dzina lanu salidziwa. Chimene amadziwa ndi nambala ya netiweki ya yunivesite, ija amati IP address. Ali ngati mlonda wapageti amene sayang'ana nkhope koma yunifolomu. Mukakhala pa Wi-Fi ya kukampasi mwavala yunifolomu, geti amakutsegulirani osafunsa. Mukagula bandulo ya TNM kapena Airtel kunyumba, mwafika mutavala zanu, ndiye mlonda akuti lipirani ngati wina aliyense.

Chofunika tsono ndi kulowera khomo la laibulale. Ambiri pano ndi pamene timaphonya: timayambira pa Google, n'kugwera pa tsamba la wosindikiza ngati alendo. Yambirani pa webusaiti ya laibulale ya sukulu yanu, mufufuze pamene alemba "Off-campus access" kapena "Remote access". Mayunivesite amagwiritsa ntchito njira zosiyana. Ena ali ndi EZproxy, ena OpenAthens, ena RemoteXs, ena MyLOFT. Ntchito yake ndi imodzi: mumalowa ndi imelo kapena nambala yanu ya sukulu, ndipo wosindikiza amakuonani ngati muli pakampasi. Kuti mudziwe kuti zatheka, yang'anani pamwamba pa tsamba. Nthawi zambiri pamatuluka dzina la yunivesite yanu, ndipo pamene panali mtengo paja pamabwera batani la PDF.

Ngati kwanuko ndi MyLOFT, dziwani kuti kuika pulogalamuyo pafoni sikokwanira. A ku laibulale amayenera kukutsegulirani akaunti, ndipo uthenga wake umapita ku imelo ya sukulu, ija ambiri timaitsegula tsiku lolembetsa lokha. Ine ndinataya mwezi wathunthu ndikung'ung'udza kuti andiiwala, pamene uthengawo unali phee mu spam. Pasiwedi ya imeloyo n'kuti nditaiwalanso.

Mukamawalembera a ku laibulale, musangoti "sizikutheka". Tchulani dzina, nambala yanu ya sukulu, kosi imene mukuchita, mutu wa pepala limene mukufuna, ndipo mutumize chithunzi cha uthenga umene ukutuluka pa sikirini. Anthu amenewa amayankha msanga akaona pamene pakomoka. Muwafunsenso za Research4Life, ndondomeko yothandiza masukulu a m'mayiko osauka kupeza mapepala a kafukufuku. Malawi ali m'gulu la mayiko amene masukulu ake olembetsa amawerenga ulere. Mkati mwake muli Hinari ya zaumoyo, imene WHO inayambitsa mu 2002, ndi AGORA ya zaulimi, ya FAO, ya mu 2003. Zolowera zake amasunga ndi a ku laibulale. Zinanso masukulu athu amazipeza pamodzi kudzera ku MALICO, bungwe la malaibulale a m'dziko muno, choncho mndandanda ndi wautali kuposa mmene ophunzira ambiri amaganizira.

Pasiwedi akakupatsani, isapite pa gulupu ya WhatsApp. Ndikudziwa, mlamu wanu wa kukoleji ina apempha, ndipo kukana kumaoneka ngati umbombo. Koma osindikiza akaona akaunti imodzi ikukoka mapepala mazana pa ola limodzi, amatseka, nthawi zina sukulu yonse, ndipo anzanu amene akulemba disetesheni amavutikira zanu.

Zichitikanso kuti mwalowa bwino koma pepalalo likufunabe ndalama. Pamenepo ndiye kuti laibulale yanu sinagule jenale imeneyo. Koperani mutu wake mu Google Scholar, mudine "All versions". Kawirikawiri mlembi anaika kope laulere pa webusaiti ya yunivesite yake. Unpaywall, imene mumaika mu Chrome kapena Firefox pakompyuta, imakufufuzirani zomwezo yokha. Za kuno kwathu yambirani pa African Journals Online, kumene kuli Malawi Medical Journal yosalipiritsa. Zikakanika zonse, lemberani mlembi mwini wake. Imelo yake imakhala pa tsamba loyamba la pepalalo, ndipo ambiri amakondwa kuti wina akufuna kuwerenga ntchito yawo.

Poti netiweki ya kumudzi ndi ya lero ilipo mawa kulibe, musamawerengere pa intaneti. Ikagwira, koperani ma PDF onse a sabata imeneyo, muwapatse mayina omveka, monga dzina la mlembi ndi chaka, osati "download 7". Kuwerengako muzichita data mutazimitsa.