Momwe abusa a kumpoto kwa Kenya amapulumutsira ziweto pa chilala

Achimwene, mwafunsa kuti Aborana, Asamburu ndi anzawo amatani kuti ziweto zisafe mvula ikamakanika motere. Kufa zimafa ndithu. Kumeneko mvula imagwa kawiri pa chaka, koma kuyambira kumapeto kwa 2020 mpaka kumapeto kwa 2022 inakanika maulendo asanu otsatizana, ziweto n'kufa mamiliyoni. Chimene mbusa amalimbanira n'choti patsale zazikazi zodzadzutsira khola.

Aborana, omwe ali ku Kenya ndi kum'mwera kwa Ethiopia, amagawa ng'ombe pawiri. Zoyamwitsa ndi matole, zomwe amati warra, zimatsala kumudzi kuti ana asasowe mkaka. Zosayamwitsa ndi nkhunzi, zotchedwa forra, anyamata amapita nazo kutali kukasaka msipu. Pafupi ndi mudzi amatchinga ndi minga malo otchedwa kalo, ndipo udzu wake saukhudza mpaka chilimwe chitafika povuta. Amadyamo matole ndi zofooka basi.

Nzeru yaikulu ili pa madzi. Pa zitsime zakuya zotchedwa tula, amuna amaima mondondozana kuchokera pansi, kumapatsirana zotungira uku akuimba, mpaka madzi afike m'chomwera. Mkulu wina, abba herrega, ndiye amagawa masiku. M'chilimwe ng'ombe imamwa kamodzi pa masiku atatu. Zimaoneka ngati nkhanza, koma masiku awiri enawo ndi amene amaipatsa mpata wofika pa msipu wakutali. Mjigo wa injini wopanda woyang'anira umasokoneza zimenezi: ziweto zimangounjikana pompo, udzu wozungulira n'kupondedwa mpaka kutsala fumbi lokhalokha.

Ambiri tsopano akuonjezera ngamira ndi mbuzi. Izi zimadya masamba a mitengo, amene amakhalapobe udzu utauma. Ngamira imatha sabata, ngakhale awiri, osamwa, ndipo mkaka imatulutsa kupitirira chaka. Vuto lake n'kuchedwa kuswa: bere ndi miyezi pafupifupi 13, mwana woyamba amabwera ili ndi zaka zinayi kapena zisanu. Mbuzi bere lake ndi miyezi 5, n'chifukwa chake amene watha ng'ombe amayambira pa mbuzi. Achibale a fuko lake amamusonkheranso ziweto, mwambo umene amati buusaa gonofaa, koma chilala chikakantha onse nthawi imodzi wopereka amasowa.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pogulitsa. Mitheno ndi zokalamba ziyenera kupita kumsika zikadali ndi mnofu, mvula yoyamba itangokanika. Mukadikira mpaka nthiti ziwerengeke, aliyense amakhala akugulitsa, mtengo wagwa, chimanga chakwera, ndipo ng'ombeyo mwina siyendanso n'komwe.

Inshuwalansi iliponso. Bungwe lofufuza za ziweto la ILRI linaiyambitsa ku Marsabit, dera la kumpoto kwa Kenya, mu 2010. Sawerenga mitembo, setilaiti imayeza kubiriwira kwa dera lonse, kukatsika kwambiri amalipira. Imathandiza kugulira chakudya ndi mankhwala, koma setilaiti imaona zobiriwira zilizonse, ngakhale zitsamba zosadyeka, ndiye wina akhoza kutaya ziweto osalandira kanthu.

Musaiwalenso kuti mvula yoyamba pambuyo pa chilala imapha. Ng'ombe yowonda ikanyowa usiku imazizidwa, kapena kutitimira m'matope osadzukanso, ndipo madzi akasefukira udzudzu umafalitsa matenda a Rift Valley, omwe amachotsa mabere n'kugwiranso anthu. Zofookazo muziike pamalo okwera, pansi pa denga ngati n'kotheka, ndipo udzu wouma mupitirize kuzipatsa sabata zoyambazo.