Kodi kwacha "kwagwa" kapena "yagwa"? Mawu amene mbiri inatisiyira

Aphunzitsi ena a kusekondale afunsa kuti: "Mwana wina analemba m'chimangirizo kuti 'kwacha kwatsika mphamvu'. Nditamuchongera kuti walakwa, iye anati, nanga si timati 'kunja kwacha'? Ndinasowa chomuyankha."

Aphunzitsi, munachonga bwino, koma mwanayo musamunyoze, khutu lake ndi lakuthwa. Poyambirira kwacha silinali dzina la chinthu. Ndi mneni wochokera ku "kucha", ndipo kapangidwe kake n'chimodzimodzi ndi "kwada", "kwazizira" kapena "kwatentha": ku wa malo wakumana ndi a wosonyeza kuti chinthu chachitika kumene, n'kukhala kwa. Mayi akamadzutsa mwana kuti "dzuka, kunja kwacha", akulankhula Chichewa cha makolo.

Chinasintha zinthu ndi ndale. Dr. Hastings Kamuzu Banda atatera pa Chileka pa 6 July 1958, mfuu ya pamisonkhano ya Nyasaland African Congress inali yomweyi. Wolankhula akati "Kwacha!", khamu linkavomera mokoka mawu kuti "Kwaaacha!", kutanthauza kuti usiku wa atsamunda watha. Ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, nakonso ankafuula chimodzimodzi. Mayiko awiriwa atasiya mapaundi, mfuu ija inasanduka dzina la ndalama, ku Zambia mu 1968 ndipo ku Malawi mu 1971, pomwe paundi imodzi inkasinthidwa ndi makwacha awiri. Mneni uja atangokhala dzina, anatengera mgwirizano wa mawu oti "ndalama". N'chifukwa chake timati "kwacha yagwa", "kwacha yathu", monga tinenera "ndalama yagwa", "ndalama yathu". Ndipo taonani kuti tsopano ili ndi kuchulukitsa kwake, "makwacha", chinthu chimene mneni sangachite.

Tambala nayenso anayenda njira yomweyo, pajatu ndiye amalengeza kuti kwacha. Wa m'khola akachuluka timati "atambala", wa m'thumba timati "matambala". Muuzeni mwanayo kuti alembe "kunja kwacha koma kwacha yagwa", aone yekha kuti mawu amodzi akugwira ntchito ziwiri.

Funso lachiwiri ndi la mtsikana wina: "Agogo anga akamva mawu oti chitaganya pawailesi amachita tsinya. Kodi ndi mawu otukwana?"

Ayi chemwali, si kutukwana, koma agogowo ali ndi chifukwa. Kwa anthu amene anakula m'zaka za m'ma 1950, Chitaganya chinali chimodzi chokha, chija chinamanga pamodzi Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, likulu lake ku Salisbury, Harare ya lero. Anthu akuda sanachifune, poopa kuti tsankho la ku Southern Rhodesia lifalikira kwawo. Kukana kumeneko ndiko kunafikitsa zinthu pa 3 March 1959, tsiku limene boma la atsamunda linalengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti, anthu n'kuwomberedwa ku Nkhata Bay, Dr. Banda n'kukatsekeredwa kundende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Chitaganyacho chinatha pa 31 December 1963, koma fungo lake linakanirira pamawuwo.

Vuto limabwera lero munthu akafuna kunena za boma logawana mphamvu ndi zigawo, longa la Nigeria, Germany kapena America. Atolankhani ambiri amalemba "boma la chitaganya", ndipo sindingati n'kulakwa, poti mawuwo anazolowereka. Koma amene akufuna kuti achikulire amumvetsere mpaka kumapeto angachite bwino kunena "ulamuliro wa m'zigawo", kapena kufotokoza kuti chigawo chilichonse chimakhala ndi boma lake pansi pa boma lalikulu. Ukangoyamba ndi "chitaganya", ena amakhala atakana kale usanamalize chiganizo. Polemba, cha 1953 chija chipatseni chilembo chachikulu, pakuti ndi dzina lakelake.

Bambo wina womasulira mabuku wabwera ndi mafunso awiri: "Kodi 'nkhondo yozizira' ndi Chichewa? Nanga 'twentieth century' ndilembe kuti zaka za m'ma 2000?"

Pa loyambalo, bambo, ine ndimakana. M'Chichewa kuzizira kumapita ku madzi, ku nyengo, ngakhale kwa munthu wofatsa mopitirira, koma nkhondo yozizira munthu wakumudzi angaiyese nkhondo yomenyedwa m'nyengo yachisanu. Ena amati "nkhondo ya mawu" kapena "nkhondo yapakamwa". Izi zikumveka bwino, ngakhale zikuchepetsa nkhani. Udani wa America ndi Soviet Union, umene unakula Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse itatha mu 1945, sunathere pakamwa. Ku Korea anthu anaphana kuyambira 1950 mpaka 1953, ndipo dzikolo likadali pawiri. Ku Berlin anamanga khoma mu 1961, ndipo mu 1962 nkhani ya mizinga ya ku Cuba inatsala pang'ono kuyatsa nkhondo ya zida za nyukiliya. Choncho pamene mukuitchula koyamba, fotokozani kuti unali udani wa mayiko awiri amphamvu amene ankaopsezana ndi kumenyana kudzera mwa ena, osawomberana okhaokha. Mukatero, kutsogoloko mungathe kumangoti "nkhondo ya mawu" owerenga osasochera.

Lachiwirilo ndi msampha umene wakola omasulira ambiri, ndipo ineyo unandikolapo ndili wachinyamata pantchitoyi. Chingerezi chimawerenga magulu a zaka 100, ndiye gulu la 20 ndi lija la zaka zoyamba ndi nambala 19. Ife timatchula zaka zenizenizo. Choncho lembani "zaka za m'ma 1900". Mukalemba "m'ma 2000" mwasamutsa kuphulitsidwa kwa bomba la nyukiliya ku Hiroshima ndi kukhazikitsidwa kwa United Nations, zonse za mu 1945, n'kuziika m'nthawi ya foni zam'manja.

Chenjezo lina n'lakuti "m'ma 1900" ingatanthauzenso zaka khumi zoyambirira zokha, monga "m'ma 1950" imatanthauzira 1950 mpaka 1959. Ngati mukunena nthawi ya ufulu wa India mu 1947 ndi wa Ghana mu 1957, lembani "chapakati pa zaka za m'ma 1900", kapena bwino koposa, "m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950". Kachizindikiro ka pa m'ma musakaiwale, kakuimira u wa "mu ma" amene wagwa, ndipo s wa Chingerezi uja wa kumapeto kwa chaka, monga mu "1950s", musamutenge, ntchito yake waigwira kale ma.