Mwana wosaona bwino pabolodi: foni ingathandize

Aphunzitsi, mwafunsa za mtsikana wanu wa Sitandade 6 amene saona zolemba pabolodi. Mukhazikeni kutsogolo, kenako jambulani bolodi ndi foni, mumupatse akulitse zilembo ndi zala. Ine ndinatero ndi mwana wachialubino m'kalasi mwanga. Tsiku loyamba anawerenga yekha funso la masamu, foni ili pafupi ndi mphuno, osadikira mnzake kumunong'oneza. Mtima wanga unasangalala kwabasi.

Mafoni a Android ali ndi TalkBack, pulogalamu imene imawerenga mokweza zolemba za pafoni, koma Chichewa imachipotoza. Choncho manotsi ndimawajambula ndi mawu anga, iye n'kukamvetsera kunyumba. Maso a mtsikana wanuyo akapitiriza kufooka, funani mphunzitsi wa ana aulumali amene anaphunzira ku koleji ya Montfort, ku Chiradzulu, amuyambitse msanga Braille, zilembo zimene osaona amawerenga pokhudza ndi zala.