Za khobidi la pa DP lija

Eee, msuweni, uthenga wako ndauona. Ndimati ndilembe koma manja ndi onyowa, ndikutsuka mbale, ndiye ungomvera. Enanu pagulu pano mumvere nawo, makamaka azakhali, musadumphe ayi.

Wafunsa kuti... dikira ndiwerenge bwino. Wati, "Anzanga osonkhanitsa ndalama zakale aliyense waika khobidi pa DP, ine ndiike liti, la tambala kapena la mutu wa Kamuzu?" Iwe! Munthu woti ngakhale galimoto ija unagula osafunsa aliyense, lero 11 koloko usiku ukudzutsa banja lonse chifukwa cha DP, kachithunzi ka pa WhatsApp? Hmm. Chabwino, tiyankhe.

Choyamba, ziwiri watchulazo ndi khobidi limodzi. 1 tambala ya 1971, uku kuli tambala, ukatembenuza kuli Kamuzu. Ndiye kuno kwathu umadziwa, ukaika tambala anzako a kuntchito saona khobidi, amaona Kongeresi. Ukaika la 1995 la nkhope ya Muluzi, mawa lake akupatsa moni ngati wa UDF. N'chifukwa chake ambirife timathawira ku nyama. Ine chiyambire pa DP panga pali njovu ziwiri za pa 20 tambala. Mnzanga wina wa ku Zingwangwa anaika nkhwazi ya pa 1 kwacha, wina nsomba ziwiri za pa 1 tambala ya nthawi ya Muluzi poti kwawo n'kunyanja. Munthu amasankha khobidi lomwe likunena za iye, mwina chaka chomwe anabadwa, mwina loyamba kulipeza. Ena amangofuna kuonetsa lodula, amenewo asiye.

Koma njovu zimenezi zandikumbutsa amalume a ku Ndirande. Aaa, kwa iwe ndi bambo aakulu, ine ndinazolowera kuti amalume. Ana a masiku ano pagulu pano mumangowadziwa ngati kalipentala, koma asanagwire sowo anali kondakitala pa mabasi a UTM. UTM ya mabasi, osati chipani, musasokoneze. Limbe, Blantyre, Blantyre, Limbe, tsiku lonse ali chilili, chikwama chachikopa pakhosi, makobidi ali ngwerengwere.

Ndiye 1971 inafika, paundi yachoka, kwabwera kwacha. Paundi imodzi makwacha awiri. Sheleni inasanduka 10 tambala, ya masheleni awiri ija 20 tambala. Papepala n'zosavuta, koma kawauze agogo ochokera kumsika wa Limbe, dengu lili pamwendo, kuti chenji mwawapatsacho n'chokwana! Amati mwawabera, basi yonse n'kukhala bwalo la milandu. Amalume anapeza nzeru. Ankayenda ndi sheleni yakale ya 1964 m'thumba la malaya. Mkangano ukangoyamba, amaitulutsa, n'kuiika pachikhatho pambali pa 10 tambala yatsopano, amvekere, "Amayi, taonani. Uku chimanga, ukunso chimanga. Lasintha ndi dzina lokha." Ndipo sankanama, chithunzi anachisiya chomwecho: chimanga cha pa sheleni chinapita pa 10 tambala, njovu za pa masheleni awiri zinapita pa 20 tambala. Gogo akayang'anitsitsa, n'kumanga chenji chake pansalu, basi nkhani yatha. Ankati mwezi woyamba uja mawu anawathera, kufika kunyumba akungonong'ona, agogo aakazi kumawaphikira madzi a mandimu.

Eya, koma sindinafike. Tsiku lina, ankati kunali chiperoni, kuja kozizira mpaka zala kuuma, mayi wina wachikulire anakwera ku Limbe, akupita kuchipatala cha Gulupu kukaona mwana wake wodwala. Anabwera wapansi kuchokera kutali, mapazi ali matope okhaokha. Amalume afika, "Tikiti amayi." Mayi uja ayamba kumasula mfundo ya pansalu, ndi mano, chifukwa inali yonyowa. Amasula, amasula. M'katimo muli makobiri anayi obooka pakati, a nthawi ya chitaganya. Mukuwadziwa aja, olembedwa Rhodesia and Nyasaland. Chitaganyacho chinatha 1963, ndalama zake zinasiya kugwira ntchito kalekale, koma mayiyo kumudzi ankangosunga, kuganiza kuti ali ndi chuma cha tsiku la mavuto. Ndipo tsiku la mavutolo ndi limenelo.

Amalume ankati anayang'ana makobiri aja, anayang'ana mayi uja, basi yonse ili chete kudikira kuti amutsitsa. Iwo anatola limodzi, n'kunena kuti, "Ili ndagula." Anapisa m'thumba mwawo, naponya ndalama yawo m'chikwama, n'kung'amba tikiti. Pofika pa Ginnery Corner anamutsitsa okha, kumugwira mkono, n'kumulozera geti. Sanadzamuonenso. Ngati mwana uja anachira, iwo anafa osadziwa, ndipo nthawi zonse akamafotokoza ankathera pomwepo, "Kaya mwana uja..." n'kukhala chete kanthawi.

Khobidi limenelo ndi lomwe linali pa chingwe cha makiyi awo zaka zonse zija. La 1958... ayi ndanama, 1957, ndinaliwerenga ndekha. Lamkuwa, lofiirira, njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uku, bowo pakati, chisoti chachifumu pamwamba. Nkhope ya Mfumukazi palibe, poti pakati pali bowo, pali dzina lokha kuzungulira. Njovu ya kumanzere inafufutika ndi makiyi, chitamba sichionekanso bwino. Tili ana tinkalimbirana kuti tisuzumire pabowopo, iwe n'kumalira kuti ine ndakhalitsa. Unali wolira iwe, usakane, azakhali ndi mboni.

Mmm. Dikira nditseke mpopi.

Ndiye msuweni, tisazungulire. Iwe za tambala ulibe nazo ntchito. Makobidi a 1 tambala uli nawo odzaza botolo, ukanafuna ukanaika kale osatiuza. Chomwe ukufunsa n'choti, ukaika khobidi la bambo aakulu lija, anthu pano ayambanso kuyankhula ngati pa sadaka paja? Ndi chimenecho. Ndakudziwa kuyambira ukuvala kabudula wong'ambika kumbuyo.

Ika. Khobidilo ndi lako. Chitini cha mabisiketi chija ndi zonse zili m'menemo anakupatsa okha pakhonde, ine ndilipo, ndikusenda mbatata. Anamasula chingwe cha makiyi ndi manja awo akunjenjemera, n'kukuika m'dzanja. Panalibe wowakakamiza. Ndipo amene ankawanyamula Lachinayi lililonse kupita nawo kuchipatala, kudikira pamzere kuyambira mbandakucha, tonse tikumudziwa. Zomwe zinayankhulidwa pa sadaka paja zinali za chisoni, anthu anali asanagone masiku atatu. Sinditchula munthu, ndipo amene akumva akumva.

Komanso ndinene, poti ena amaganiza kuti m'chitinimo muli mamiliyoni. Mulibe. Makobiri obookawa anapangidwa ambirimbiri kuyambira 1955 mpaka 1963, ndipo lofufutika chonchi wosonkhanitsa weniweni sangalipire zambiri. Ukangoika pa DP udzaona, anthu osawadziwa adzayamba kukulembera kuti tili ndi bwana akufuna kugula, tumizani kaye ya transipoti. Usawayankhe n'komwe. Ineyo anandivutitsapo miyezi iwiri chifukwa cha njovu zangazi.

Tsono pojambula, ndikupempha, usalitsuke. Ndikudziwa iwe, uyamba phulusa, mandimu, sitiliwulu, kuti liwale ngati mphika wa mkamwini watsopano. Ayi! Kudera kuja ndi zaka zake, ukakwecha umasiya mikwingwirima yosachokanso, ndipo umafufuta ndi thukuta la mwini wake lomwe. Ligwire m'mbali, osati pamimba. Uyale nsalu yakuda pafupi ndi windo, m'mawa dzuwa lisanakwere, fulashi uzimitse, kuwala kubwere chammbali kuti njovu zituluke. Usayandikitse foni kwambiri, imachita chimbuuzi. Imirira patali pang'ono, udzadule pambuyo. Ndipo usiye malo m'mphepete, chifukwa WhatsApp imadula chithunzi mozungulira, ukadzaza kwambiri zilembo za m'mbali zimadyeka. Ubwino wa khobidi ndi umenewo, ndi lozungulira kale, limakhala m'kabwalo kaja ngati analipimira. Chingwe chija usachotse. Chioneke. Anzako aja ali ndi makobidi okongola kuposa ili, ena sanagwiridwepo ndi dzanja, koma la chingwe cha makiyi a kondakitala palibe ali nalo.

Akakufunsa kuti bwanji waika lofufutika, uwafotokozere za mayi wa ku Gulupu uja. Ufotokoze bwino, osati mothamanga ngati mmene umapempherera nsima.

Ndiye ndabwereza, kuti mawa wina asadzati sanamve: khobidi la amalume ndi la msuweni wangayu, anapatsidwa, ndipo aliika pa DP. Azakhali, inu munali m'nyumba tsiku limenelo, munamva zonse pawindo, ndiye ikani kachala kokweza kaja apa kuti mwanayu agone. Sakugona uyu, taonani nthawi yomwe walembera.

Iwe msuweni, wamva? Usaike tambala, usaike Kamuzu. Ika la bambo ako aakulu. Ngati foni yakoyo ikukanika, poti galasi lake linasweka chaka chatha ndipo sunakonzebe, Loweruka ndikutsika ku Chilomoni ndi nsalu yakuda, tidzajambule ndi yanga. Ndifika cha m'ma 8, kuwala kusanalimbe. Undisungire tiyi, ndipo chitinicho uchitulutse chonse, muli sheleni ya chimanga ija, ndikufuna ndiionenso.