Chithunzi cha kasitomala wanga chili m'fayilo iti?

Mayi wina wa ku Area 25, amene amagulitsa mipando, matiresi ndi masola pangongole, watilembera kuti: "Aliyense wotenga katundu timamujambula chiphaso cha unzika ndi kalata ya mgwirizano n'kuziika mu sisitimu. Pano kompyuta ikukana kulandira zina, akuti malo atha. Mnyamata amene amatikonzera makompyuta wapeza mafayilo anayi akuluakulu a SQL Server, ndipo akufuna ndimulipire masiku atatu kuti afufuze momwe muli zithunzi, aisamutsire fayiloyo pa disiki yapadera. Palinso kasitomala wina amene anamaliza ngongole, akufuna timufufutire chithunzi chake. Kodi chithunzi cha munthu mmodzi chimakhala m'fayilo iti? Ndilipire?"

Mayi, choyamba muuzeni mnyamatayo asakhudze fayilo ngakhale imodzi mpaka mutakhala ndi bakapu yatsopano, kope la deta yonse losungidwa padera. Ndikunena izi poyambirira chifukwa mafayilo anayiwo ndiye buku lanu lonse la ngongole. Imodzi ikasowa pamalo pake, database, nkhokwe ya zonse zimene sisitimu imasunga, ikhoza kukana kutseguka, ndipo simudziwanso kuti ndani wa ku Mtandire kapena ku Kauma watsala ndi zingati.

SQL Server ndi pulogalamu imene imayendetsa database yanu. Mafayilo amene mnyamatayo wawaonawo ali ndi ntchito zosiyana. Yothera ndi .mdf ndiyo yoyamba, mutu wa zonse. Zothera ndi .ndf ndi zowonjezera, zimasunganso deta. Yothera ndi .ldf ndi kaundula wa zosintha zonse zimene zikuchitika, ndipo anthu ambiri amapsa nayo poiyesa zinyalala chifukwa imatha kufufuma kwambiri.

Tsopano funso lanu lenileni. Ganizirani wamalonda wa pa Malangalanga amene amagula soya. M'buku lake muli mzere umodzi: dzina la mlimi, tsiku, matumba 500. Matumbawo sali m'bukumo, ali kosungirako katundu, ndipo mzerewo ungonena kumene ali. Ngati wamalondayo ali ndi nyumba zitatu zosungiramo, anyamata otsitsa katundu amaponya matumba ambiri m'nyumba imene ili ndi malo ambiri, ena m'nyumba zinazo. Mukafunsa kuti soya wa mlimi uja ali m'nyumba iti, yankho loona ndi lakuti ali monsemo.

SQL Server imachita chimodzimodzi. Imasunga zinthu m'masamba a 8 KB lililonse, ndipo mzere umodzi sungapitirire mabayiti 8,060 patsamba lake. Chithunzi chojambulidwa pafoni, tinene cha 4 MB, sichingakwane pamenepo. Chimadulidwa tizidutswa n'kuikidwa m'masamba ena pafupifupi 500, pomwe mu mzere wa kasitomala mumangotsala kalozera kosonyeza kumene tizidutswato tili. Masambawo amatengedwa m'gulu la mafayilo lotchedwa filegroup, ndipo ngati gululo lili ndi mafayilo awiri kapena atatu, SQL Server imalemba monsemo, yambiri m'fayilo imene ili ndi malo ambiri. Choncho chiphaso cha kasitomala wanu uja chikhoza kukhala mutu m'fayilo ina, siginecha m'fayilo ina.

Apa ndi pamene anyamata ambiri a makompyuta amasochera, ngakhale ochenjera. Pali njira yoonera malo enieni a mzere pogwiritsa ntchito malamulo a mu SQL Server otchedwa %%physloc%% ndi sys.fn_PhysLocFormatter, ndipo imatulutsa manambala atatu: fayilo, tsamba ndi malo a mzere patsambapo. Munthu akaona nambala 1 amasangalala kuti chithunzi chili m'fayilo yoyamba. Koma wapeza mzere wa m'buku chabe, matumba sanawapeze. Kuti atsatire chithunzicho ayenera kutsegula tsambalo ndi lamulo lina lotchedwa DBCC PAGE, kuwerenga kalozera kaja, kenako kulondola tsamba ndi tsamba. N'zotheka, koma ndi ntchito ya nthawi ya ngozi, pamene disiki yawonongeka ndipo mukufuna kudziwa kuti ndi mapepala a ndani amene apita nayo. Inu simuli pangozi yotero, ndiye masiku atatuwo sindikuona chifukwa chowalipirira.

Zimene mukufunika kudziwa zimapezeka pasanathe ola. Mnyamatayo ayang'ane mu mndandanda wa mu SQL Server wotchedwa sys.allocation_units, apeze gawo la tebulo lanu (momwe muli mizere ya makasitomala) lolembedwa LOB_DATA, limene ndilo la zinthu zikuluzikulu ngati zithunzi. Pomwepo aona kukula kwake ndi filegroup yake. Kenako sys.database_files imuuza mafayilo a m'gulu limenelo ndi foda imene ali. Ngati amene anapanga sisitimu yanu anaika zithunzi m'gulu lakelake, muli ndi mwayi, chifukwa gulu lonselo lingasamutsidwe mwadongosolo: kuuza SQL Server malo atsopano, kuimitsa database, kusuntha mafayilo, n'kuidzutsanso. Ngati zonse zili m'gulu limodzi lotchedwa PRIMARY, palibe fayilo ya zithunzi zokha imene angainyamule. Pafunika kupanga tebulo latsopano, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amene anakugulitsani sisitimuyo.

Koma musanatulutse ndi tambala yomwe, mufunseni funso ili: chadzaza ndi disiki kapena ndi database? Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amayendera SQL Server Express, ija yaulere, ndipo ya 2019 ndi ya 2022 salola database imodzi kupitirira 10 GB. Ndi zithunzi za 4 MB, mukangofika pa zithunzi pafupifupi 2,500 mwagunda denga. Ngati vuto ndi limeneli, mutha kugula disiki yaikulu bwanji, kusamutsa mafayilo onse, uthenga wa malo atha ukhalabe pomwepo. Zimandipweteka kuona munthu akugula mankhwala a nthenda imene sakudwala, makamaka masiku ano pamene chilichonse cha kompyuta chikutsatira mtengo wa dola. Ngati chadzaza ndi disiki, ayambe waona fayilo ya .ldf ija. Nthawi zambiri imakula chifukwa palibe amene akuitengera bakapu yake, ndipo imachepetsedwa kudzera mu SQL Server momwemo, osati poifufuta.

Za disiki yapadera yolumikiza ndi chingwe, ayi mayi. Isungireni bakapu, osati database imene ikugwira ntchito. Wina akangokhudza chingwe posesa, kapena magetsi akathima wina ali pakati polemba risiti, mugona ndi mutu waukulu.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ili m'manja mwa atsikana anu a pakauntala. Chiphaso cha unzika chimawerengeka bwinobwino pa 300 KB. Akamachepetsa chithunzi asanachiike, malo a chithunzi chimodzi cha kale akwana zithunzi zoposa 10. Funsaninso ogulitsa sisitimu ngati ingathe kusunga zithunzi m'foda wamba, database n'kumangosunga dzina ndi malo a chithunzicho, kapena ngati imalola FILESTREAM, njira yosungira zithunzi m'foda koma zikuyang'aniridwabe ndi SQL Server, imene yakhalapo kuyambira SQL Server 2008 ndipo zimene imasunga siziwerengedwa pa 10 GB ija.

Kasitomala wanu uja ali ndi mfundo, ndipo musamutenge ngati wovuta. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, limene MACRA ikuyang'anira. Mumufufutire kudzera mu sisitimu, pa dzina lake, ndipo SQL Server idzamasula yokha masamba onse a chithunzicho kulikonse kumene ali. Musadabwe mukaona kuti fayilo sinachepe. Malowo amangodikira chithunzi china. Dziwaninso kuti chithunzicho chidakali m'mabakapu akale, choncho muuzeni zoona za nthawi imene mumasunga mabakapu musanawataye. Kalata ya mgwirizano ndi marisiti ake musungebe, ndi umboni wa malonda anu.

Mnyamatayo mulipireni tsiku limodzi, ndipo mugwirizane polemba kuti akupatsani zinthu izi: bakapu yonse ya .bak pa disiki yapadera, mtundu wa SQL Server imene muli nayo, kukula kwa fayilo iliyonse, ndi filegroup ya zithunzi. Asanachoke, abwezeretse bakapuyo pa kompyuta ina inu mukuona, musankhe nokha mayina atatu a makasitomala, mutsegule ziphaso zawo ndi maso anu.