Achemwali, yambani ndi zimene mwaona lero

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mukufuna kuyamba kulemba za moyo wanu watsiku ndi tsiku kuti ena aziwerenga, koma mukuona kuti palibe chachilendo chimene chimakuchitikirani: kudzuka, ntchito, ana, kugona. Ndiye mukuti mulembe chiyani, nanga ndani angataye nthawi yake kuwerenga? Ine ndalemba zoterezi kwa zaka zingapo, choncho mundilole nditalikitseko.

Zimene mukuziyesa zachabezo ndiye nkhani yeniyeniyo. Ku London kunali bambo wina wogwira ntchito m'boma, Samuel Pepys, amene ankalemba zochitika za masiku ake kuyambira pa 1 January 1660 mpaka mu May 1669, pomwe anasiya poopa kuti maso ake akufa. Anaona mliri wa 1665 komanso moto umene unapsereza mzindawo mu 1666. Za motowo analemba anthu ambiri, koma pa zolemba za Pepys anthu saiwala zoti moto ukuyandikira, iye anakumba dzenje m'munda n'kukwiriramo vinyo ndi tchizi zake kuti zisapse. Mukawerenga pamenepo mumamuona munthuyo ndi maso, ali ndi mantha ake, akuthamangira kupulumutsa timene amakonda. Ku Britain komweko mu 1937 kunayamba ntchito yotchedwa Mass Observation, imene inapempha anthu wamba kuti azilemba zonse zimene achita pa 12 mwezi uliwonse. Zolembazo zikusungidwa ndi University of Sussex, ndipo ofufuza mbiri amaziwerenga mpaka lero chifukwa muli zimene nyuzi za nthawi imeneyo sizinkalemba.

Vuto la ife oyamba kulemba n'lakuti timakonda kumanga tsiku lonse m'mawu amodzi. "Lero ndatopa kwambiri." "Ana ndi dalitso." Zoona ndithu, koma aliyense akhoza kulemba zimenezo, ndipo wowerenga sagwirapo kanthu. Usiku wina ndikugoneka mwana wanga wamkazi, ndinayatsa nyali kuti ndifune bulangete lake. Iye anayang'ana kudenga, kenaka pansi pa bedi, n'kundifunsa kuti, "Amayi, mdima uja wathawira kuti?" Ndinalemba funso lakelo momwe analinenera, ndi momwe anagwirira chala changa podikira yankho, komanso kuti ndinasowa chomuyankha. Mizere isanu ndi umodzi basi. Mwanayo pano ndi wamkulu ndipo sakumbukira. Nanenso ndikanaiwala, chifukwa mawu enieni a munthu sachedwa kuthawa m'mutu. Pakapita masiku awiri mumatsala ndi "mwana ananena zoseketsa," koma zoseketsazo zapita. N'chifukwa chake chinthu chikakugwirani mtima, lembani mawu atatu kapena anayi pafoni nthawi yomweyo, mudzawatambasule madzulo.

Musalonjeze zolemba tsiku lililonse. Kuthamanga sikufika. Kamodzi pa sabata ndi kokwanira, ndipo sabata ikadutsa osalemba, ingopitirizani popanda kupepesa.

Pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri ndi apa. Moyo wanu muli anthu ena, ndipo anthuwo sanavomere kulembedwa. Ine ndinakangana ndi mchimwene wanga pa nkhani ya m'banja, ndipo usiku womwewo mtima uli m'mwamba ndinalemba zonse n'kuziika poyera kuti anthu awerenge. Dzina sindinatchule, ndimaganiza kuti ndabisa. M'mawa ndinafufuta, koma wina anali atatenga kale screenshot n'kumutumizira. Atandiimbira sanakalipe. Anangoti, "Mlongo wanga, bwanji sunandiuze ineyo?" Tinatha miyezi osayankhulana bwinobwino, ndipo mpaka pano ndikakumbukira mawu akewo mtima umandipweteka. Kuchokera apo, nkhani ikakhudza munthu wina ndimayamba ndamuwerengera, akakana ndimaisiya. Za kuntchito, za matenda a m'bale, za kuchipinda, sindilemba poyera. Ndipo nkhani imene ndalemba nditakwiya imagona kaye usiku umodzi.

Sikuti zowawa musazilembe ayi. Mu 1986 katswiri wa za maganizo James Pennebaker anachita kafukufuku amene ophunzira ankalemba zowawa za pamoyo wawo kwa mphindi 15 patsiku, masiku anayi otsatizana, ndipo m'miyezi yotsatira anthuwo sankapita kuchipatala kawirikawiri ngati anzawo amene analemba nkhani wamba. Komatu iwo sankalembera gulu la anthu. Ndiye khalani ndi kope lanulanu la m'kabati lolandira misozi ndi mkwiyo, ndipo zopita kwa anthu muzizisankha mtima uli m'malo.

Pa ana samalani koposa. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu chimauza mlendo aliyense kumene amaphunzira. Komanso location ikakhala yoyatsa, foni imatha kusunga malo amene munajambulira m'kati mwa chithunzicho. Mwanayo adzakula n'kudzawerenga, anzake nawonso adzawerenga, ndiye dzifunseni ngati adzasangalale nazo ali ndi zaka 15.

Za owerenga, poyamba adzakhala ochepa, mwina atatu, mmodzi mwa iwo m'bale wanu. Zisakufooketseni, ndipo musamawerenge ma like ngati malipiro. Ine ndikamalemba ndimaika m'maganizo mnzanga mmodzi amene tinakulira limodzi koma pano amakhala kutali, ndipo ndimalemba ngati ndikumufotokozera iyeyo. Ndikatero mawu amatuluka momwe ndimayankhulira, osadzikongoletsa. Lembani m'chiyankhulo chimene mumasekera ndi kudandaulira, chifukwa mukayamba kusaka mawu akuluakulu, mawu anu enieni amabisala. Mukamaliza werengani mokweza kamodzi, pomwe lilime lapunthwa mukonze.

Ndiye madzulo ano, ana akagona, kumbukirani chinthu chimodzi chimene mwaona kapena kumva lero, kaya ndi mawu amene wina ananena pokupatsani moni, kaya ndi momwe dzuwa linalowera pawindo mukuchapa. Mizere khumi yakwana. Mukailemba mundiuze, achemwali, ndikufuna ndiiwerenge.